Madola 600 osewerera magemu: i7 imeneyo isiyeni m'sitolo

Funso: "Ndakhala ndikusunga ndalama kuti ndilumikize kompyuta yangayanga yosewerera magemu, ndipo zakwana pafupifupi madola 600. Akulu anga ali ku Johannesburg, akubwera pa Khirisimasi, ndiye atha kundigulira zida konko. Mnyamata wina wokonza makompyuta wandilembera izi: pulosesa ya Core i7-12700, choziziritsira cha madzi, graphics card ya GTX 1650, RAM imodzi ya 16GB, hard disk ya 1TB, ndi kesi yagalasi yowala mitundumitundu yomwe ikubwera ndi power supply yake ya 650W. Ndimakonda EA Sports FC, GTA V, Fortnite ndi Call of Duty. Monita ndilibe, ndiyamba ndagwiritsa ntchito TV. Ndigule zimenezi?" Wafunsa ndi wowerenga wa ku Area 25, Lilongwe.

Yankho: Achimwene, aimbireni akulu anuwo lero lomwe, muwauze kuti asalipire kaye kalikonse. Kompyuta yomwe mwalemberedwayo iyaka ndithu, ndipo anzanu akalowa m'chipinda azidzayamba ndi kuijambula pa foni, koma magemu izisewera ngati kompyuta ya theka la ndalama zanu. Ndalama zaunjikidwa pomwe magemu sazifuna, pomwe akuzifuna pangotsala nyenyeswa. Komanso pa mndandandawo pali chida chimodzi chomwe chingathe kukuotcherani zina zonsezo usiku umodzi.

Mukamasewera FC, ntchito imagawidwa pawiri. Pulosesa imawerengera zochitika: mpira walowera kuti, osewera ena 21 aja akuthamangira kuti, wagwa uja wachita kugwetsedwa kapena wadzigwetsa yekha. Ikatero imapatsira graphics card, yomwe ntchito yake ndi kujambula chithunzi chomwe maso anu akuona. Pa sikirini ya 1080p pamakhala timadontho 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi, tonse pamodzi kupitirira 2 miliyoni, ndipo khadilo liyenera kutipenta tonse maulendo 60 pa sekondi imodzi kuti gemu isamadukeduke. Katundu wolemera ali pamenepo. Khadi likakhala lofooka, pulosesa imamaliza gawo lake n'kumangodikira, kaya ndi yodula bwanji. Kuika i7-12700 pambali pa GTX 1650 kuli ngati kumanga ng'ombe zinayi zonenepa ku ngolo ya matayala akuphwa.

Taonani zomwe opanga gemuyo ananena okha. EA Sports FC 24 itatuluka mu 2023, anati kuti muisewere bwino mukhale ndi GTX 1660 kapena RX 5600 XT, ndipo pulosesa yomwe anatchula ndi Core i7-6700, ya mu 2015. Khadi lomwe mwalemberedwa lili pansi pa zimenezo, pamene pulosesa yake yapitirira kutali zedi. GTX 1650 inatuluka mu 2019, ili ndi memori ya 4GB yokha, ndipo ngakhale nthawi imeneyo linali khadi la poyambira. Pa Call of Duty ya masiku ano 4GB imadzaza musanatsike n'komwe m'ndege. Dzina lakuti i7 lisakukopeninso. Limangonena malo a pulosesa pakati pa zinzake za chaka chomwecho. Core i3-12100F ya mu 2022 imaiposa i7-6700 ija pa magemu, ngakhale onse awiri ali ndi ma core 4, timagawo ta mkati mwa pulosesa tomwe timagawana ntchito. M'matauni mwathu muno anthu ambiri agulitsidwa makompyuta okalamba chifukwa chongomva kuti "ndi i7 bwana", osafunsa kuti ya chaka chiti.

Ndiye yambani ndi khadi, ndipo mulipatse pafupifupi magawo anayi mwa magawo khumi a ndalama zanu, kunena kuti pakati pa madola 220 ndi 250. Pa ndalama zoterezi ine ndimaloza Radeon RX 6600 ya AMD. Inatuluka mu Okutobala 2021 pa madola 329, koma mtengo wake unatsika kwambiri m'zaka zotsatira. Ili ndi 8GB, imadya mawati 132 okha, imafuna waya umodzi wa mapini 8, ndipo liwiro lake pa magemu limaposa la GTX 1650 kawiri n'kupitirira. Magemu anayi mwatchulawo imawanyamula pa 1080p mosavuta. Akulu anu akapeza kuti RX 6600 yatha m'masitolo, afunse mitengo ya RX 7600, RTX 4060 kapena RTX 5060, zonse za 8GB. Zimenezi zinatuluka pa madola 269, 299 ndi 299, ndiye zingakupanikizeni pang'ono, koma ikapezeka ina yotsitsidwa mtengo atenge. Palinso Arc B580 ya Intel, yomwe inatuluka mu Disembala 2024 pa madola 249 ili ndi 12GB. Khadi labwino ndithu, kungoti limafuna kuti mu BIOS, kapulogalamu kosinthira kagwiridwe ntchito ka zida komwe mumalowamo Windows isanayambe, muyatse chotchedwa Resizable BAR, apo ayi limafooka, ndipo pa magemu akale nthawi zina limachita makani. Munthu amene akulumikiza kompyuta koyamba, kutali ndi sitolo yomwe anagulako, ndimamulangiza njira yopanda zodabwitsa.

Pali makhadi ena omwe maina awo amanyenga. RX 6500 XT imamveka ngati mng'ono wake wa RX 6600, koma ili ndi 4GB ndipo imalumikizana ndi motherboard, thabwa lomwe zida zonse zimalumikizidwapo, kudzera m'njira zinayi zokha, mwakuti pa motherboard yomwe polowera khadi pake ndi pa mtundu wakale wa PCIe 3.0 imabanika. RTX 3060 yodziwika bwino ija ndi ya 12GB. Inatulukanso ina ya 8GB ya dzina lomwelo koma yochedwerapo, choncho werengani bokosi. GT 730 ndi GT 1030 si zosewerera magemu a masiku ano, wina angazikometse bwanji. Za ray tracing, njira yolemera yojambulira kuwala m'magemu, zomwe mumaziona pa YouTube ziiwaleni kaye, pa ndalama izi ndi zongozimitsa.

Makhadi a kaunjika nawo alipo, ndipo sindiwanyoza. RTX 3060 ya 12GB, RX 6600 kapena GTX 1660 Super yogwirapo kale ntchito ingakupulumutsireni ndalama zambiri. Koma dziwani komwe ambiri achokera. Mu Seputembala 2022 ndalama ya pa intaneti ya Ethereum inasintha kayendetsedwe kake, anthu anasiya kuikumba ndi ma graphics card, ndipo makhadi omwe ankagwira ntchito usana ndi usiku m'mashedi anakhuthukira pa msika. RX 580 ya 8GB, ya mu 2017, ndiyo inachuluka kwambiri. Ambiri mwa makhadi amenewa amagwirabe ntchito, koma mafani amakhala atatopa, ndipo RX 580 imadya mawati 185 kuti ichite zochepera zomwe RX 6600 imachita ndi 132. Mayunitsi a magetsi mumagula nokha, muwerengere. Ina imalembedwa kuti RX 580 2048SP, yomwe kunena zoona ndi RX 570 yovekedwa dzina la mkulu wake. Ndipo pa misika ya pa intaneti pamapezeka "GTX 1050 Ti" yotchipa modabwitsa, yomwe mkati mwake ndi khadi lakalekale ngati GTS 450 longolembedwa dzina latsopano.

Khadi la kaunjika musaligule lili m'manja. Wogulitsa aliike m'kompyuta inu muli pompo. Tsegulani pulogalamu yaulere ya GPU-Z muone ngati dzina ndi kukula kwa memori zikugwirizana ndi zomwe wanena. Makhadi ambiri achinyengo pulogalamuyi imawalemba kuti FAKE kutsogolo kwa dzina. Kenako yatsani FurMark, pulogalamu yoyesera khadi polilemetsa, kapena gemu yolemera kwa mphindi 20, muike khutu pafupi ndi mafani. Fani yabwino imangopuma mpweya, yotopa imalira ngati muli kamwala mkati kapena imagwedera. Pa sikirini pakaoneka timadontho tobiriwira, timizere, kapena pakangoda kwa kamphindi, bwezani. Kutentha kukapitirira madigiri 85 n'kumakwerabe, bwezaninso. Litembenuzeni muone tizomangira ta kumbuyo ngati tili topalika ndi sikuludiraiva, ndiponso ngati pali dzimbiri pafupi ndi mabowo a HDMI. Wogulitsa akayamba zoti "magetsi kulibe, ingotengani mukayesere kwanu", dziwani kuti ndalama yanu siidzabwerera.

Pulosesa tsopano. I7-12700 ili ndi ma core 12, inatuluka pa mtengo wopitirira madola 300, ndipo ikalemedwa imakoka mpaka mawati 180. Ndi chida cha munthu wodula mavidiyo tsiku lonse. Inu tengani Ryzen 5 5600 ya AMD: ma core 6, mawati 65, ndipo imabwera ndi fani yake m'bokosi. Inatuluka mu Epulo 2022 pa madola 199, kenako inatchipa kwambiri. Imakhala pa soketi, polowera pulosesa pa motherboard, ya AM4, yomwe ma Ryzen akhala akuigwiritsa ntchito kuyambira 2017, ndiye ma motherboard ake ali mbwee, atsopano ndi a kaunjika omwe. Ngati mtima wanu uli pa Intel, Core i5-12400F ndi mnzake wofanana naye mphamvu, ndipo i3-12100F imakwana ndalama zikathina. Ndi RX 6600 pambali, simungasiyanitse ndi maso gemu yoyenda pa 5600 ndi yoyenda pa i7 ija.

Apa akulu anu awerenge manambala mosamala, chifukwa pali atatu ofanana maina. Ryzen 5 5600 ili ndi cache, kamemori kachangu ka mkati mwa pulosesa, ya 32MB ndipo imadziwa PCIe 4.0. Ryzen 5 5500 ndi 5600G zili ndi 16MB ndipo zimathera pa PCIe 3.0, choncho pa magemu zimatsalira pang'ono. Kusiyana kwa mtengo kukakhala kochepa, 5600 yopanda chilembo ndiyo yotenga. Ya G ija ili ndi mwayi wake umodzi: ili ndi kojambulira zithunzi mkati, mwakuti kompyuta imayaka popanda graphics card. Amene alibiretu ndalama ya khadi atha kuyamba nayo, GTA V ndi Fortnite n'kumasewera zithunzi atazitsitsa. Koma 5600 wamba, ndi ma Intel onse othera ndi F, popanda khadi sizionetsa kanthu pa sikirini.

Mwina mufunsa chifukwa chomwe ndikukulozerani zida za zaka zapitazo pamene AM5, soketi yolowa m'malo mwa AM4, inatuluka kale mu 2022. Yankho ndi thumba lanu. AM5 imalandira RAM, memori yomwe kompyuta imagwirirapo ntchito ikayaka, ya mtundu watsopano wa DDR5 yokha, ma motherboard ake ndi odulirapo, ndipo ndalama yowonjezerayo ingachoke ku khadi. Chakumapeto kwa 2025 mitengo ya RAM inakwera koopsa chifukwa makampani a AI ankagula memori yochuluka, ndiye nkhani ya RAM si yongoipeputsanso monga kale. AM4 sikuti yatsekeka kutsogolo. Mtsogolomu mukapeza Ryzen 7 5700X3D mudzangochotsa pulosesa yakale n'kuika imeneyo pa motherboard yomweyo.

Choziziritsira cha madzi chifufuteni. Pulosesa ya mawati 65 siichifuna, ndipo chili ndi pampu yomwe tsiku lina idzaima, mwina osakuuzani. Fani ya m'bokosi imakwana. Mukaona kuti mu Okutobala ikulira kwambiri, mudzagule choziziritsira cha mpweya cha nsanja, chotchipa, chomwe chikawonongeka mumangosintha fani.

Motherboard siwonjezera liwiro la gemu, ndiye musalipirire maonekedwe. Ya B550 yaing'ono, ya micro-ATX, yokhala ndi malo anayi a RAM ndi malo a M.2 olowetsapo SSD, yakwana. B450 ndi yotchipirapo ndipo imagwira ntchito, koma ili ndi msampha: inapangidwa Ryzen 5000, gulu lomwe muli 5600 yanuyo, isanabadwe, ndiye ngati BIOS yake ndi yakale, mudzalumikiza zonse bwinobwino, mafani n'kuzungulira, sikirini osaonetsa kanthu. Pa bokosi payenera kukhala chomata cholembedwa kuti Ryzen 5000 Desktop Ready, kapena kumbuyo kwa motherboard kukhale kabatani ka BIOS Flashback kolola kuika BIOS yatsopano ndi fulashi popanda pulosesa. Mukasankha Intel, dziwani kuti ma motherboard a H610, B660 ndi B760 alipo a DDR4 ndi a DDR5, ndipo RAM ya mtundu wina siilowa pa malo a inzake. Ngati rauta ili kutali ndi chipinda chanu, onaninso ngati motherboard ili ndi Wi-Fi, chifukwa zotchipa zambiri zilibe.

RAM ya 16GB yakwana, koma ikhale iwiri ya 8GB, osati imodzi. Pulosesa ili ndi njira ziwiri zolankhulira ndi memori, ndipo mukaika kamodzi kokha njira imodzi imakhala chabe. Zotsatira zake ndi kaja kakugwira gemu mwadzidzidzi pomwe mukuti muwombere. Tengani DDR4 ya 3200, yogulitsidwa iwiri m'paketi imodzi. Pa motherboard ya malo anayi, nthawi zambiri imalowa pa malo achiwiri ndi achinayi kuchokera ku pulosesa. Kabuku ka m'bokosi kamasonyeza. Mukayatsa koyamba lowani mu BIOS muyatse XMP, yomwe pa ma motherboard ena imatchedwa DOCP, apo ayi RAM yanu ya 3200 iziyenda pa 2133 kapena 2400 moyo wake wonse.

Hard disk ichokenso, m'malo mwake pabwere SSD, chosungira mafayilo chachangu chopanda zozungulira mkati, ya mtundu wa NVMe wolowa pa M.2 paja, ya 1TB. Hard disk imawerenga pakati pa 100 ndi 200MB pa sekondi, SSD ya SATA pafupifupi 550, NVMe yabwino ya PCIe 3.0 imafika cha m'ma 3,500. FC yokha imafuna malo okwana 100GB, GTA V ndi Call of Duty nazo ndi zazikulu chomwecho, ndiye 500GB idzadzaza msanga. Hard disk ilinso ndi mbale zozungulira mkati, zomwe sizikondwa ndi kuthima kwa magetsi kwadzidzidzi.

Tafika pa chida chomwe chandichititsa kuti ndinene kuti muimbe foni lero: power supply, bokosi logawira magetsi ku zida zonse, yobwera ndi kesi. Zoterezi zimalembedwa 650W ndi zilembo zikuluzikulu, koma inyamuleni. Imapepuka ngati chitini chopanda kanthu, mawaya ake ndi opyapyala, ndipo kawirikawiri waya wa mapini 8 wa graphics card palibe. Yang'anani kapepala ka m'mbali, pa mzere wolembedwa +12V. Pulosesa ndi khadi zimadya kuchokera pamenepo. Chulukitsani ma amp olembedwapo ndi 12. Pakakhala 20A, ndiye kuti mphamvu yeniyeni ndi mawati 240, ena onsewo ndi a pakamwa. Power supply yoona ya 550W imaonetsa cha m'ma 45A pa mzere umenewo. Choopsa kwambiri ndi chomwe sichioneka: yabwino ili ndi zotetezera zomwe zimaizimitsa magetsi akachuluka, ikatentha kapena pakachitika shoti. Yachabechabe imangopitiriza mpaka kuphulika, ndipo pofa imakonda kutenga motherboard ndi khadi. Ku Ulaya munthu angathe kukhala nayo zaka osaona vuto. Kuno magetsi amathima, amabwera ofooka, kenako amabwera ndi ukali, nthawi zina katatu tsiku limodzi.

Kompyuta ya Ryzen 5 5600 ndi RX 6600 ikamasewera imakoka mawati osapitirira 300, choncho 550W ya kampani yodziwika yakwana, 650W ngati mukuganiza zodzaika khadi lalikulu. Corsair, Seasonic, MSI, Cooler Master ndi be quiet! onse ali ndi zotsika mtengo zodalirika, koma musanagule fufuzani dzina la modelo yeniyeniyo, chifukwa kampani imodzi imatha kukhala ndi zabwino ndi zofooka. Chizindikiro cha 80 Plus Bronze chimanena za kusawononga magetsi, sichilonjeza kulimba. Chomwe chimakuuzani zambiri ndi zaka za waranti, zikhale zisanu kapena kuposa. Ichi chokha musagule cha kaunjika. Ndipo wina akakuuzani kuti waya wa khadi ukasowa pali kaadaputa kochokera ku waya wa SATA, kanani. Pulagi ya SATA inapangidwira mawati 54, pamene ya mapini 8 imanyamula 150. Kaadaputa kameneko kamasungunuka.

Power supply yabwino siilowa m'malo mwa UPS, bokosi la batire lomwe limagwirizira kompyuta magetsi akathima. Magetsi akathima muli pakati pa gemu, chomwe chimavulala ndi mafayilo a Windows ndi a gemu, ndipo akathima mukuika BIOS yatsopano motherboard itha kufa. UPS imakupatsani mphindi zochepa zoti muzimitse mwaulemu, osati zoti mumalize ligi. Poigula samalani ndi manambala: imalembedwa mu VA, osati mawati. Ya 650VA yomwe yadzaza m'masitolo imanyamula mawati pafupifupi 360 mpaka 390, ndiye mukaphatikiza TV mwafika kale m'mphepete. Ya 1000VA, ya mawati pafupifupi 600, ndiyo yoyenera, makamaka yokhala ndi AVR yowongola magetsi akatsika kapena kukwera. Imeneyi mugule konkuno, ndi yolemera ndipo batire lake mudzafuna kusintha pakapita zaka ziwiri kapena zitatu. Ngati madola 600 aja sakukwana UPS, yambani ndi chotetezera cha pa soketi chonga chomwe timaika ku firiji, chomwe chimadikira kaye magetsi akabwera, UPS ibwere mwezi wotsatira. Nyengo ya mvula, kukayamba kugunda, zulani pulagi kukhoma pamodzi ndi waya wa intaneti. Mphenzi siisamala za UPS.

Za mapulagi: magetsi a ku South Africa ndi a kuno ndi ofanana, 230V, koma pulagi yawo ndi ya mapini ozungulira pamene yathu ndi ya mapini atatu a makona. Musalimbane ndi maadaputa ogwedera. Waya wa power supply ndi uja wofanana ndi wa ketulo, ingogulani wa pulagi yathu, wokhuthala bwino, wokhala ndi fyuzi.

Kesi ndi pomwe mungapulumutsepo ndalama mosadandaula. Yagalasi kutsogolo imatseka mpweya. Tengani ya tizibowo kutsogolo, yokhala ndi mafani awiri kapena atatu ndi sefa ya fumbi, muonetsetse kuti khadi lanu likwanamo m'litali. Kesi yachitsulo wamba muthanso kuipeza ku Lilongwe konko, akulu anu asavutike ndi chibokosi m'basi. Musaiike pansi, pa simenti. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa fumbi la kwathu kuno limaluka bulangeti pa mafani, ndiye sefa muziitsuka kawirikawiri, mkati muzipemerera ndi blower mutagwira mafani kuti asazungulire.

Mukagawa motere, khadi litenga madola 220 mpaka 250, pulosesa ndi motherboard pamodzi musapitirire 180, RAM ndi SSD muzisungire 100 kapena kuposerapo malinga ndi mmene msika ulili, power supply 60, yotsalayo ya kesi. Zikapanda kukwana, tsitsani pulosesa kufika pa 5500 kapena i3-12100F, tsitsani SSD kufika pa 500GB, kesi mutenge ya kaunjika. Power supply yokha musaikhudze. Musanatumize mndandanda, ulowetseni pa tsamba la pa intaneti la PCPartPicker, limakuchenjezani zida zikasemphana. Akulu anu ayerekeze mitengo m'masitolo monga Wootware, Evetech ndi Takealot, ndipo popeza akubwera mu Disembala, kumapeto kwa Novembala kumakhala Black Friday. Musaiwale kupatula ya msonkho wa pa chipata, malisiti onse akhale nawo m'manja. Ndalama zomwe mwasungazo ngati zili m'makwacha musazigoneke nthawi yaitali. Mukukumbuka mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo zida izi mitengo yake imatsata dola.

TV yanu igwira ntchito poyamba. Waya wa HDMI mulowetse ku graphics card, mabowo a m'munsi aja, osati ku motherboard. Mu TV fufuzani Game Mode muyatse, chifukwa popanda imeneyo pamakhala kuchedwa pakati pa kudina batani ndi kuona wosewera akumenya mpira. Ma TV ambiri amathera pa zithunzi 60 pa sekondi. Mukadzapeza ndalama, monita ya mainchesi 24, ya 1080p, ya 144Hz kapena 165Hz (zithunzi 144 kapena 165 pa sekondi), yokhala ndi FreeSync yogwirizanitsa liwiro la monita ndi la khadi, ndiyo idzaonetse zomwe khadi lanu lingathe, makamaka pa Fortnite. Mukadzaigula mukasinthe nokha mu Windows, chifukwa imayamba ili pa 60.

Wina angakuuzeni kuti njira yachidule ndi kugula Dell OptiPlex kapena HP yakale ya mu ofesi n'kuikamo khadi. Kwa munthu wa madola 200 ndi nzeru, ndipo kumeneko ndi komwe GTX 1650 kapena RTX 3050 ya 6GB imayenera, popeza zambiri sizifuna waya wa magetsi wapadera. Kwa inu ayi. Power supply zake ndi zazing'ono, zambiri zili ndi mapulagi achilendo, ndipo Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, pamene Windows 11 imafuna Intel ya m'badwo wa 8 kapena Ryzen 2000 kupita m'tsogolo, ndi kachida ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Call of Duty: Black Ops 7 ndi Battlefield 6 zimakana kuyamba popanda TPM 2.0 ndi Secure Boot, chitetezo china cha mu BIOS. Pa Ryzen 5 5600 zonsezi zilipo, TPM yake imatchedwa fTPM mu BIOS.

Chinthu china khadi silingakonze: kuchedwa kwa intaneti. Mukamasewera ndi anthu pa intaneti, kuchedwako, komwe kumatchedwa ping, kumadalira mtunda wopita komwe kuli seva ndi mtundu wa intaneti yanu. Gemu yokhala ndi seva ku Johannesburg, monga Counter-Strike 2, imayankha msanga kuposa yomwe ikukutumizani ku Ulaya. Waya wochokera ku rauta umaposa Wi-Fi, ndipo Wi-Fi imaposa hotspot ya foni.

Akulu anu muwapemphe zinthu ziwiri asananyamuke. Choyamba, zidazo zilumikizidwe ndi kuyesedwa konko, ngakhale pa tebulo popanda kesi, motherboard itagona pa bokosi lake. Chida chatsopano chimatha kubwera chakufa, ndipo kuchibweza uli ku Johannesburg ndi nkhani ya masiku ochepa, pamene uli ku Area 25 ndi nkhani ya miyezi ndi ndalama ya basi. N'chifukwa chakenso sindilangiza kugula kamodzikamodzi mwezi ndi mwezi: nthawi yobwezera imatha chida chisanayatsidwe n'komwe. Chachiwiri, akaika Windows, alowe mu akaunti yanu ya Steam, EA ndi Epic, adawunilode magemu onse pa intaneti ya kumeneko. Magemu anu anayiwo pamodzi ndi ma GB mazana angapo, ndipo pa mabandulo a kuno imeneyo ndi ndalama yogulira chida china. Akamaliza, khadi alichotse alibwezere m'thumba lake lonyezimira ndi m'bokosi lake, chifukwa likayenda lili chilumikizire, mabampu a msewu wa ku Tete amatha kuthyola polowera pake. Pulosesa ya AM4 ili ndi timapini kunsi kwake tomwe timapindika msanga, ndiye ikhale chikhalire mu soketi, motherboard ilowe m'bokosi lake. Khadi, motherboard ndi SSD zikwere nawo m'chikwama cha m'manja, osati kunsi kwa basi komwe kumaponyedwa matumba.